Tsiku Limene Apongozi Anandiona Kummero

Ku Chia kuli anthu amene mpaka lero akandiona amagwira pakamwa. Sindiwaimba mlandu.

Ndinakhala pa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Esinati zaka zingapo, ndipo nthawi yonseyo ine ndi apongozi aakazi sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira ya kudambo la mpunga, wina ankapatukira m'chinangwa (kawirikawiri ineyo). Nditamanga kanyumba kwathu ku Dwambazi, ndinafuna kupempha chitengwa kuti banja langa lisamukire kumeneko. Apongozi sankafuna n'kumva komwe.

Nzeru inabwera ndi kanema wa sola amene alamu anga anatumiza kuchokera ku Joni. Kanemayo amaonetsa chilichonse chimene chili pa foni, popanda chingwe, popanda bandulo. Ndinati basi, zatheka: apongozi akhale m'nyumba ndi amalume a Esinati, ine ndikhale panja kuseri kwa zenera, ndiziwaonetsa zithunzi za nyumba ya ku Dwambazi kuchokera pa foni yanga osaphwanya mwambo.

Poyamba zinayenda bwino. Malata anaoneka, khonde linaoneka. Ndinamva amalume akuti, "Simenti imeneyo, achemwali." Esinati anasuzumira pazenera n'kundinong'oneza, "Dikirani komweko, akukambirana."

Apa m'pamene kamunga ka chambo chamasana kanandikumbutsa kuti kadakali m'mano. Galasi ndinalibe, ndiye ndinatsegula kamera yakutsogolo. Ndinayasamula. Ndinalowetsa chala, kenako kamtengo. Kamungako katatuluka, ndinaona kuti ndi bwino ndiyenderenso mphuno, mbali iyi ndi inayo. Pomaliza ndinayeserera nkhope zoti ndikaonetse polandira yankho: yodzichepetsa, yothokoza, ndi ina yachisoni ngati angakane (imeneyi ndinaibwerezabwereza, sinkatuluka bwino).

M'nyumba munali zii. Ine ndinkati akuganiza mozama.

Esinati anatulukira chothamanga n'kundilanda foni.

"Bambo a Fatsani, simunadule. Muli pa kanema, mutu wokhawokha ngati dzungu."

"Kuyambira pati?"

"Kuyambira pa dzino lobooka lija."

Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze. Patapita kanthawi amalume anatuluka, maso ali pa nsapato zawo.

"Akamwini, chitengwa chaloledwa."

Ndinayamba kuwomba m'manja, koma iwo anandiletsa.

"Achemwali akuti munthu amene amuona mpaka kummero sangakhale naye mudzi umodzi. Akuti munyamuke mpunga usanache. Dzinolonso mukachotsetse."

Pano tili ku Dwambazi. Dzino ndinachotsetsa, galasi ndinagula, ndipo foni yanga siyandikiranso kanema wa munthu aliyense. Apongozi akabwera kudzaona zidzukulu timapatukirana monga kale, kungoti masiku ano amayamba kupatuka ndi iwo, ine ndidakali kutali.