Mphindi Zanga Zitatu ndi Mpando Wothyoka

Lolemba

Sindikukhazikika! Pagulu lathu la pafoni la ogwira ntchito m'malaibulale pafika uthenga. Bungwe lina likufuna anthu oti likawaphunzitse kusunga ndi kufufuza mabuku pakompyuta. Milungu iwiri ku Livingstone, ndipo wosankhidwayo abwerako ndi kompyuta ya laibulale yake. Safuna kalata yaitali. Akufuna vidiyo ya mphindi zitatu basi, wopemphayo alankhule yekha, aonetse pamene amagwira ntchito. Tsiku lomaliza ndi Lachisanu.

Ulendo uno ndi wanga. Chiyambire ntchito mulaibulale ino ya ku Kabwata sindinapiteko ku wekishopu ngakhale imodzi. Amapita ndi ba Tembo, abwana anga. Iwo ku Siavonga, iwo ku Ndola, iwo ku Chipata, ine kutsala ndi fumbi ndi makhadi obwerekera mabuku. Pobwera amandipatsa cholembera cha kumsonkhanoko. Dirowa yanga yadzaza ndi zolembera za kumalo amene phazi langa silinapondeko.

Zoti ndichite:
- kubwereka foni ya mkulu wanga wa ku Chelstone, yanga imajambula anthu ngati ali pansi pa madzi
- kupukuta mashelufu
- kukonzetsa tsitsi
- kupeza owerenga, amaso, osati ogona
- kuuza ba Tembo, koma mochenjera

Ndayenda kuchoka pazenera kupita pakhomo tsiku lonse. Mwana wina wafunsa buku la masamu, ndamupatsa la kuweta nkhuku.

Lachiwiri

Ba Tembo ndawauza. Zochenjera zija zakanika. Atangomva mawu oti kompyuta, maso ngwee! "Ni ma donor? Nanga unali zii chifukwa chani?"

Masana, minibasi ya ku Chelstone. Kondakitala akulumbira kuti tinyamuka pompano, injini ikulira, basi siikusuntha. Mkulu wanga akundipatsa foni ngati akundipatsa khanda: "Usapase munthu aliyense, wamvela? Aliyense! Ugwile iwe weka." Ndalonjeza.

Pobwerera, laibulale sindikuizindikira. Mipando yabwino palibe. Mabuku atsopano a ana palibe. Nsalu ya pazenera palibe. Zonse ba Tembo azitsekera m'chipinda cha katundu, ndipo pakati penipeni aikapo mpando wa miyendo itatu umene tinautaya kuseri chaka chatha. Ndi mwambo wathu umenewu, ine ndinangouiwala: a thandizo akamabwera, zabwino timabisa. "Bakaona mipando yabwino bazaganiza tili na zonse," akutero.

Ine ndikufuna anthuwo aone laibulale yamoyo ndi mkazi wodziwa ntchito yake. Ba Tembo akufuna aone maliro.

Lachitatu

Ndalawirira iwo asanafike, ndatulutsa zonse. Afika, abweza zonse. Apita kukamwa tiyi, ndatulutsa mabuku a ana okha. Abwera, andiyang'ana, abweza. Sitikukangana ayi. Tikupatsana moni mwaulemu pakhomo, aliyense mpando uli m'manja. Tsopano kiyi wa chipindacho ali m'thumba la jekete lawo.

Magetsi palibe chiyambire m'mawa, ndiye owerenganso palibe. Kunena zoona, ambiri mwa owerenga athu amakonda mabuku a pafupi ndi soketi. Amene alipo ndi ba Sakala okha, mdala wopuma ntchito amene amabwera kudzagona kunsi kwa nyuzipepala.

Ndayesa kudzijambula ndekha pakona, ba Tembo asakuona. Zimene zatuluka:
- jenereta ya owotcherera zitsulo kuseri kwa mpanda
- mlaliki wa pamsika ndi chimkuzamawu chake
- mkonono wa ba Sakala
- ine ndemwe, nditaiwala dzina la laibulale yanga!

Ndafufuta zonse. Madzulo ndapempha amayi a kwaya a kutchalitchi kwathu kuti abwere Lachisanu adzakhale ngati owerenga. Ndawauza bwinobwino: zovala wamba, buku m'manja, pakamwa potseka. Avomera msanga kwambiri, ndipo zimenezo zikundidetsa nkhawa.

Lachinayi

Ba Tembo abwera ndi maganizo atsopano. Akuti sitingalankhule ndi anthu akunja ba chair a komiti ya laibulale osadziwa, ndipo munthu ngati ameneyo suuza pafoni, ndi mwano. Wotumidwa ndani? Ine, ku Kabulonga. Minibasi mpaka ku Woodlands, kenako wapansi, poti kumeneko misewu ndi ya anthu a galimoto. Geti, galu, belu, galu.

Ba chair ndi mayi Mwale, amene mulaibulale amalowamo kamodzi pachaka, tsiku lojambula chithunzi. Andikhazika pakhonde, andipatsa madzi ozizira, andimvetsera mpaka kumapeto. Kenako: "Nizakambako tumau tubili chabe, my dear." Timawu tiwiri ta mayi Mwale ndimatidziwa. Paphwando la ana la Khirisimasi timawuto tinatha mpunga utazizira.

Ndafotokoza kuti mphindi ndi zitatu zokha, ndipo woyenera kulankhula ndi wopempha. Akuti inde, inde, udzalankhula ndithu, akuluakulu akatha. Ndikanati chiyani? Ndili pakhonde pawo, tambula yawo ili m'manja mwanga.

Pobwerera ndikuloweza mawu anga m'minibasi, milomo ikuyenda yokha. Mayi wa pambali panga wasuntha thumba lake. Tsitsi ndakonzetsa pamsika wa Kabwata, andikoka mpaka nsidze zakwera. Ndasita bulauzi, ndaipachika, ndaitsitsa, ndaisitanso.

Lachisanu

Ambuye!

Kwaya yafika mu yunifolomu. Zitenje zofanana, maduku, mabulauzi oyera mbee. Wina wabwera ndi chisekese. "Nanga pa kamela tingabwele monga tiyenda ku msika?" Ndawagawira mabuku otsala pashelufu. Mayi wamkulu wa kwaya wapatsidwa la kukonza injini, waligwira pachifuwa ngati la nyimbo.

Magetsi palibe, batire ya foni yatsala pang'ono, ndiye tijambula kamodzi kokha. Ba Sakala adzuka, adzipereka kugwira foni. Ndakumbuka nkhope ya mkulu wanga. Ndigwira ndekha.

Ndondomeko, malinga ndi ba Tembo:
- pemphero
- nyimbo yolandira alendo, alendo ake a mufoni
- ba Tembo
- ba chair
- ine

Pemphero lakumbukira odwala, a m'ndende ndi a paulendo. Ine ndayatsa foni pa Ameni, Mulungu andikhululukire, ndi batire. Nyimbo yayamba ndi nthungululu. Mulaibulale yanga! Ndangomva pakamwa panga patuluka "Shhh!" mwachizolowezi. Ba Tembo atsokomola n'kuidula nyimboyo itangotha ndime imodzi, aima pafupi ndi mpando wothyoka, dzanja pamtima. Atchula maina awo onse ndi udindo, ati laibulale ino ndi yamasiye, ati iwo ndi okonzeka kuphunzira chilichonse ngakhale imvi zamera. Mayi Mwale ayambira pa agogo awo amene ankakonda kuwerenga. Mkono wanga wachita dzanzi.

Pomaliza ndatembenuza foni, ndalankhula. Ndipo ndalankhula bwino! Za makhadi amene amasowa, za mwana wa sukulu amene amafuna buku ine n'kumalisaka mpaka iye watopa wapita, za zimene ndingachite nditadziwa kompyuta. Sindinachite chibwibwi ngakhale pang'ono. Kwaya yonse zii. Mayi wa buku la injini wagwedeza mutu movomereza.

Kudula vidiyo sindidziwa, nthawi palibe. Ndatumiza yonse, dzina langa ngati wopempha, nambala ya ba Tembo ngati abwana. Patuluka kauthenga kofiira, sindinakawerenge, ndangodina kuvomera, foni n'kuzima. Koma yapita! Onse atachoka ndavina ndekha pakati pa mashelufu opanda kanthu.

Loweruka

Ku Chelstone kukabweza foni. Mkulu wanga aitembenuza uku ndi uku kufuna pokalika, aitchaja, ati tione zimene watumiza. Kauthenga kofiira kaja kakadalipo. Kakuti vidiyo ikatalika, iwo amatenga mphindi zitatu zoyamba zokha. Ine, wa mulaibulale, wouza anthu tsiku ndi tsiku kuti aziwerenga!

Taonera. Nyimbo. Ba Tembo. Mpando. Ba Tembo. Pakona yakumanzere kanthu kakuda kakulowa ndi kutuluka. Chala changa chachikulu. Icho, ndi "Shhh!" uja. Ine yense ndi ameneyo.

Mkulu wanga aseka mpaka akhala pansi. "Koma chala chaoneka bwino, mwandi. Sembe unapakako na kyuteksi."

Ndili m'minibasi yobwerera, foni yanga ikulira. Ba Tembo. A bungwe aja awaimbira, ati vidiyo yathu yawakhudza mtima, makamaka mpando. "Bafunsa ngati bambo wa mu vidiyo angabwele. Manje ine ningakane bwanji? Ni mwano. Waona mupando uja? Nenze nakuuza!"

Ndayankha kuti zikomo, abwana. Zikomo! Ndatsika m'tauni, ndayenda Cairo Road yonse, ndabwereranso, osagula kanthu. Mnyamata wogulitsa magalasi a maso wandiuza kuti tsitsi langa ndi labwino. Ndatsala pang'ono kulira pamaso pake.

Lamulungu

Kutchalitchi amayi a kwaya akufunsa kuti aoneka liti pa TV. Ndati posachedwa. Ulaliki unali wa kudzichepetsa, ine ndimawerenga malata a denga.

Ndakwiya, ndisaname. Ndakwiyira ba Tembo, mayi Mwale, a magetsi, mpando. Ndakwiyiranso mkazi uja anaima kumbuyo kwa foni, tsitsi lokonza, mawu oloweza, n'kumadikira kuti akuluakulu athe. Mawu anga abwino aja anawamva ndi kwaya ndi ba Sakala, ndipo ba Sakala sindikutsimikiza.

Masana ba Tembo atumiza uthenga. Akufunsa ngati sutikesi yanga ya matayala ili bwino, poti yawo zipi inafa. Akuti akabwerako adzandiphunzitsa zonse za kompyuta, monga analonjezera pobwera ku Siavonga. Akutinso mawa nditulutse mipando yabwino, alendo apita.

Sutikesi ndaipukuta. Tsitsi likadali bwino, lifika Lachitatu. Mawa ndisuntha zolembera mudirowa kuti cha ku Livingstone chidzapeze malo. Ichi ndikulembera ndi cha ku Ndola. Chimalemba bwino, chilungamo chake.