Nkhomaliro ya pa Msonkhano wa Eni Ake

Inu, tamverani, njala ya munthu woyamwitsa si ya munthu mmodzi. Nditasamukira mumzinda uno kudzayamba ntchito yosesa ndi kupanga tiyi mu ofesi ya inshuwalansi, nyumba ndinaipeza msanga, mwana ndinkamusiyira mng'ono wanga, koma pokadyera masana panandisowa miyezi iwiri yathunthu.

Sukulu ndinalekeza panjira, koma maso ndinawaphunzitsa. Ndikalowa malo odyera sindiwerenga zapakhoma, ndimayang'ana kansalu kopukutira mbale. Malo oyamba, kuseri kwa depoti ya mabasi, mayi wophika anali wansangala, koma kansalu kanali kamodzi: ka mbale, ka tebulo, ka thukuta, ka mphuno ya mwana wake. Nditasuzumira m'madzi otsukira mbale ndinafunsa ngati umenewo ndiwo msuzi.

"Asisi, mwabwera kudzadya kapena kudzayendera?" anatero mayiyo. Ndinatuluka.

Kumalo achiwiri ananditengera ndi sekilitale wathu, amene timamutcha Zidendene chifukwa cha nsapato zake zazitali.

"Tiye ukadye ngati munthu wa m'tauni," anatero.

Anandibweretsera mbale yaikulu ngati beseni losambitsira mwana, pakati pake kampunga ka masupuni awiri ndi masamba atatu. Ndinatukula tsamba limodzi kufunafuna nyama. Woperekera zakudya anandinong'oneza kuti masambawo ndi okongoletsera chabe. Ndinawadya onse atatu, iye akuona.

Basi ndinayamba kunyamula nyemba za kunyumba, n'kumadyera m'kachipinda kosungira matsache. Tsiku lachitatu chitseko chinatseguka. Anali abwana, bambo wa taye amene amayendetsa chala pazenera kusaka fumbi.

"Mayi, ino ndi ofesi, si khitchini. Makasitomala akumva nyemba kuyambira pageti. Musaiwale kuti mudakali pa miyezi yoyesedwa. Mukachitanso chochititsa manyazi kampani ino, tsache mulisiye pakhomo."

Mwaona mmene zinalili? Ndikadya, ntchito itha. Ndikapanda kudya, mkaka uuma, mwana n'kumandiyang'ana ngati ndamunamiza.

Amene anandipulumutsa ndi mlonda wa pageti.

"Mukuvutikiranji? Kuhotela ili tsidya la msewuyo kumakhala misonkhano tsiku lililonse. Nthawi ya nkhomaliro safunsa munthu. Mungonyamula kope ndi cholembera, nkhope muikwinye ngati mukuganizira dziko."

Ndinabwereka jekete ya mng'ono wanga, ndinagula kope. Lolemba unali msonkhano wa madzi aukhondo, tinadya nkhuku. Lachiwiri wa kubzala mitengo, nyama ya ng'ombe. Lachitatu wa achinyamata, ngakhale wachinyamata m'holo yonseyo ndinali ine ndekha. Ndinazindikira kuti anthu a misonkhano sadziwana, amangonamizira. Wina akati, "Tinaonana kumsonkhano uja," ine ndinkati, "Eya, uja wa mwezi watha," basi tagwirana chanza. Akandifunsa maganizo anga ndinkagwedeza mutu n'kunena kuti, "Nkhaniyi ikufunika kuunikanso." Mawu amenewo anandidyetsa masabata atatu. Mwana anatuluka masaya.

Koma paja amati chakomachakoma pusi anagwa chagada. Lachinayi lina ndinafika mbale zisanavundukulidwe. Ndili chiimire pakhomo, mayi woyendetsa msonkhano anandigwira dzanja.

"Lowani, lowani. Palibe adye tisanamalize zokambirana m'magulu."

Anandikhazika m'gulu lachinayi. Mutu wake unali wakuti: kodi amayi apantchito amadya mokwanira masana? Anzanga asanu a m'gulumo, anayi anali pafoni, mmodzi ankasinza. Nthawi itakwana anandiyang'ana.

"Inu muli ndi kope, mukatiyimire."

Ndinapita kutsogolo, anandipatsa chimkuzamawu, ndinakweza maso. Pamzere wachiwiri, taye ili pakhosi, manja atapinda, panali abwana.

Ndinatsegula kope, munali mndandanda wa sopo ndi matewera. Ndinati poti ntchito yatha kale, bola ndinene zoona. Ndinawafotokozera za kansalu kamodzi kaja. Ndinawafotokozera za masamba atatu. Ndinanenanso kuti kuli maofesi ena, sinditchula, kumene mayi woyamwitsa amabisala pakati pa matsache kuti adye nyemba, ngati wakuba. Anthu anasiya mafoni. Nditamaliza anawomba m'manja mpaka wosinza uja anadzuka n'kuwomba nawo.

"Awa ndiye achita kafukufuku wozama," anatero woyendetsa msonkhano. "Mwachokera bungwe liti, mayi?"

"Nkhaniyi ikufunika kuunikanso," ndinatero, n'kukakhala pansi.

Pamzere wa chakudya ndinamva munthu akutsokomola kumbuyo kwanga.

"Mayi."

"Bwana."

Ndinatembenuka pang'onopang'ono, ndikuganiza kale za katundu amene ndimange pobwerera kwathu. Koma maso anga sapuma. M'mbale ya abwana munali nthuli zitatu za nkhuku. M'thumba la jekete munkasuzumira kapepala kapulasitiki kokulungira zotsala. Ndipo pachifuwa panali kakhadi kamene amapatsa oitanidwa. Kuwerenga pang'ono ndimatha. Panalembedwa dzina la mzimayi, pansi pake: Mzamba Wamkulu.

"Bwana, simunandiuze kuti mumabadwitsanso ana."

Anaphimba kakhadiko ndi dzanja, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mayi, tsitsani mawu. Kanali patebulo, mwini wake sanabwere."

"Mwayamba liti?"

"Chaka chachitatu chino." Anandiyandikira. "Mwalankhula bwino kwambiri. Miyezi yanu yoyesedwa yatha lero, ntchito ndi yanu. Koma mukakhale tebulo lina, angatizindikire."

Ndiye mmene mukundionamu ntchito ndili nayo, pokadyera ndili napo. Kuofesi abwana sanasinthe, chala chikadayendabe pazenera, ndipo Zidendene amadabwa kuti bwanji sandikalipiranso. Ikamakwana nthawi ya nkhomaliro abwana amadutsa pamene ndikukolopa, osandiyang'ana, n'kulankhula ngati akuuza khoma:

"Lero ndi wa zamalonda, kumakhala nsomba. Tsogolani inu, ine ndibwera pambuyo."

Ine ndimangofinya chikolopa n'kuyankha mwaulemu wonse kuti, "Chabwino, azamba."