Panda Wanga ndi Ndere za Kubafa

Lolemba
Marita, mwana wanga wa ku Limbe, wanditumizira kanema pafoni. Chinyama chonenepa, choyera ndi chakuda, akuti panda. Chakhala chotambalala, chikutafuna nsungwi. Anthu kuchidyetsa, kuchisesera, kuchijambula. Akuti maiko ena amachita kuchibwereka.

Ndikuyang'ana pakhonde: bambo a Marita, chotambalala, akutafuna nzimbe. Nawonso ndi obwereka, anabwera kuno pachikamwini kuchokera ku Nchema. Yemweyo!

Nanga ine? Ndere za pamwala wa kubafa. Zazing'ono, zopondedwa tsiku ndi tsiku, popanda woti zikomo. Basi, sabata ino sindiwaikira madzi osamba. Adziwe kuti ndilipo.

Lachiwiri
Sanasambe. Sanafunse. Akuti, "Kwazizira lero, eti amayi?" Nzimbe zitatu.

Lachitatu
Ntchito za panda lero:
kudya,
kugona,
kusamukira pamthunzi wina.
Ine dzanja latenga lokha chidebe, ndazindikira madzi atafunda kale. Ndatsukira mbale. Mtima ukuwawa ndithu.

Lachinayi
Apita okha kumjigo! Amayi onse kuwapatsa malo pamzere, wina kuwapopera, wina kuwakwezera chigubu panjinga. Mwaona? Ine zaka zonsezi ndani anandipoperako?

Lachisanu
Amayi a kumphakati afika kudzandizonda, atanyamula nthochi. Akuti mwamuna sangapite kumjigo mkazi ali bwinobwino. Ndinene chiyani? Ndagona pamphasa, ndikubuula mwaulemu. Andipempherera. Nthochi wadya panda.

Loweruka
Madzi atunganso, koma kubafa kuli zii. Ndikusuzumira pampanda. Agwada, chimunthu chonsecho, akuthirira mwala ndi kapu pang'onopang'ono. Ndere zayamba kufota.

Andiona. Akuti, "Zinaumapo kamodzi izi, muja munagonekedwa kuchipatala cha mishoni. Sindifuna kuzionanso choncho, amayi."

Ndathawira kukhitchini. Misoziyi ndi ya utsi, wina asandifunse.

Lamulungu
Ndagonja. Madzi ndawaikira, ofunda bwino, tisanapite ku Misa. Zikomo sananene, panda ndi panda. Nzimbe ya masana aisankha kale.

Koma polowa kubafa ndawayang'anitsitsa, koyamba pa zaka zonsezi. Akweza chimwendo chija, alumpha mwalawo, ndere osaziponda. Kaya anayamba liti.