Nkhondo ya Mbaula Ziwiri ku Kanpur

Mulungu, amene amaona ngakhale za m'khitchini, atikhululukire tonse. Ndikunena za nyengo ya mango, pamene dzuwa la ku Kanpur linkasungunula phula m'misewu, ndipo pa kanema pankayenda, ngati kumeneko n'kuyenda, sewero la Inspekita Bajpai, Nsapato-zolemera, Mdani-wa-changu, amene anapatsidwa mlandu wa kuphedwa kwa wogulitsa nsalu nayamba kuufufuza poyang'ana pazenera.

M'nyumba yoyandikana ndi yathu munkakhala amasiye awiri amene anakwatiwa ndi amuna a mimba imodzi: Kaushalya wamkulu, Msunga-makiyi, Njovu-ya-pakhonde, amene akatsokomola wogulitsa mkaka ankaulula yekha za madzi amene wathira mumkakamo; ndi Urmila wamng'ono, Chala-chofulumira, amene mwana wake Nitin anamutumizira foni kuchokera ku Pune. Amuna atamwalira, ana atabalalika, awiriwa anatsala ndi mbaula imodzi ndi pangano limodzi: masana aliwonse kukhala pampando umodzi n'kumaonera Inspekita akuganiza. Kaushalya analibenso nthawi ina imene munthu ankakhala naye pafupi.

Tsiku lina, Inspekita atangoyandikira zenera, Urmila anadzuka nati, "Ndikakande ufa wa chapati. Uyu sachokapo msanga, ndipo akachoka angoitanitsa tiyi."

Ndipo anaitanitsadi tiyi.

Pamenepo Njovu-ya-pakhonde inaimirira, mawondo akulira ngati zitseko za kachisi. "Iwe make Nitin! Waonera wekha pakafoni kakoko! Ine ndili kalikiliki kumupempherera bamboyu kuti apeze umboni, iwe wakuphayo ukumudziwa kale?"

"Achemwali, chala chinangotsetsereka."

"Chinatsetsereka mpaka kumapeto?"

"Nanga munthu adikire mpaka liti? Bamboyu akayamba kutakasa shuga, ine ndimachapa n'kuyanika! Mukandiputa ndimutchula pompano!"

Kaushalya anatenga thonje lopotera zingwe za nyali zopempherera, natseka makutu onse awiri, nayamba kutchula dzina la mulungu wake Ram mokweza, ngati mzinda wozingidwa ndi adani. Madzulo ake kunachitika chinthu chimene pakati pathu chimamveka kutali kuposa maliro: mbaula inagawanika. Msunga-makiyi anatulutsa kambaula ka palafini ka malemu apongozi ake, nakakhazika pakona. Mtsuko wa achali anaudula malire ndi supuni. Akazi a mumsewu wathu anayamba kubwera kudzapempha mchere umene anali nawo kale.

Pabwalo la nkhondo, kutanthauza pampando uja, Urmila sankafunanso lupanga. Wogulitsa mankhwala akaonekera pa kanema, ankausa moyo. Mkazi wa malemu wogulitsa nsalu uja akalowa, ankapukusa mutu nati, "Hmm, anthu." Kaushalya ankayang'ana kanema ndi diso limodzi, lina lili pankhope ya mdani, mpaka anakayikira aliyense, ngakhale mbuzi yomangidwa kuseri kwa polisi. Pomaliza anaphimba kanemayo ndi sari yakale, nsalu yaitali yovala amayi, ndipo masana ankangokhala pakhonde yekha, manja ali pamiyendo.

Sindikonda kunena za eni, koma ndinkaona kuti m'mawa uliwonse mapiritsi a Kaushalya ankapezeka pakhomo la chipinda chake pamodzi ndi kapu ya madzi, ndiponso kuti mafuta a pamwamba pa mkaka ankasochera okha n'kukafika mbali ya Urmila.

Tsiku limene kutentha kunamugwetsera Kaushalya litsipa, Urmila anatulukira ndi botolo la mafuta a mpiru, nayamba kumumasula tsitsi osapempha chilolezo.

"Usandikhudze, kazitape."

"Khalani phee, achemwali. Mutu ngati mwala wopera tsabola."

Pamenepo Njovu-ya-pakhonde inalengeza mfundo za mtendere, msewu wonse ukumva: "Nkhope yakoyo ndi wailesi, uzikhala kumbuyo kwanga ndisaione! Manja ako akhale m'tsitsi langa, asakhudze foni! Ndipo pakamwa pako pazikhala laddu yathunthu, kampira kotsekemera kaja, mpaka sewero lithe!"

Kambaula ka palafini kananyamulidwa ngati mfumu yogonja, mayi wina anaomba lipenga la nkhono, ndipo sari inachotsedwa pa kanema anthu atavula nsapato.

Nyengo ya mvula ili pakati, Inspekita Bajpai anachoka pazenera, nakweza chala pang'onopang'ono, naloza mng'ono wa malemu, munthu yekhayo amene Kaushalya sanamuganizirepo.

"Ndinadziwa kuyambira tsiku loyamba," anatero Msunga-makiyi.

Kumbuyo kwake Urmila anatong'ola maso, masaya atatupa ndi chilungamo komanso laddu. Anameza zonse ziwiri, napitiriza kupaka mafuta.