Lamba amene ndinaveka Chitedze

Nkhani iyi kwathu amayiseka mpaka lero, koma ine ndikayikumbukira pakamwa pamawawa. Wovutika kwenikweni sanali ine, ngakhale nanenso ndinalawako.

Tinkakhala kuseri kwa msika wa Migowi, m'mbali mwa njira imene anthu a njinga amadzera akamachokera kunyanja ndi matemba. Galu wathu, Chitedze, ankauwa njinga iliyonse, yopita ndi yobwera yomwe. Poyamba sindinkalabada, koma mkazi wanga atabereka mwana wachiwiri zinthu zinavuta. Khanda likangoti ligone, belu la njinga lalira, Chitedze wayamba, mwana wadzuka, mayi wake akundiyang'ana ngati wouwayo ndine.

Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Joni atabwera kudzaona mwana, anandipatsa lamba wakuda wokhala ndi kabokosi ndi timano tiwiri tachitsulo. Anati kumeneko amaveka agalu; galu akauwa, kabokosi kamamva n'kumugwedeza pang'ono ndi magetsi. Ndinafunsa ngati sizipweteka. Anati ndi ngati kulumidwa ndi nyerere basi, ndiponso batire lake ndi lokhalitsa (pa batirepo pokha ndi pamene sananame). Pa kabokosipo panali kabatani kokwezera mphamvu. Poona kuti Chitedze ndi wamakani, ndinakweza mpaka kumapeto, n'kumanga lambayo mothinitsa kuti asamuvule ndi mwendo.

Posakhalitsa njinga inadutsa. Chitedze anauwa kamodzi, anadumpha ngati waponda moto, n'kukalowa pansi pa nkhokwe. Kuyambira pamenepo pakhomo panali zii. Ndinayamba kudzitama kwa anzanga a pabawo kuti ndaweta galu wophunzira. Zoti sakudya bwino ndinaziona, koma ndinati ndi matama. Zoti masana onse amanjenjemera pansi pa nkhokwe ngakhale pasadutse njinga, ndinazionanso. Ndinati azolowera.

Mvula inayamba lamba ali pakhosi pomwepo, sindinamuvuleko ngakhale tsiku limodzi. Kenako kukhonde kunayamba kununkha. Tinasuntha matumba a chimanga kufunafuna khoswe wakufa, osamupeza. Mkazi wanga ndi amene anaona kuti ntchentche zikutsatira galu.

"Bambo a Chisomo, tamuvulani chinthu chanucho tione," anatero.

Nditamasula, lamba anachoka ndi ubweya ndi khungu lomwe. Timano tija tinali titaboola mabala awiri, m'kati mwake muli mphutsi. Galuyo sanalire. Anangondiyang'ana.

M'malo mochita manyazi ndinayamba kudziteteza. Ndinati zilondazo zabwera ndi chinyezi, magetsiwo ndi ochepa, komanso galu amene wasiya kuuwa sangagwidwe nawo. Mkazi wanga anati ngati ndi choncho ndivale ineyo. Amayi awiri oyandikana nafe anali atabwera kudzaonerera, ndiye kukana kunandivuta (mwamuna akafuna kupusa amadikira kaye mboni). Ndinatsuka lamba uja, ndinamumanga pakhosi panga, n'kuima pabwalo nditatseka pakamwa kuti aone okha kuti palibe chochitika.

Ine sindinauwe, owerenga. Imene inalankhula ndi nyundo ya a Jafali, mnansi wathu wokhoma zidebe ndi mbaula kuseri kwa mpanda. Atangoti pachitsulo kho, nsagwada zanga zinauma, ndinapezeka ndakhala m'beseni la matewera. Ndikulimbana ndi chomangira, anakhomanso, n'kukhomanso. Amayi aja anaseka mpaka kugwirana, koma mkazi wanga sanaseke. Atandimasula ananena chapansipansi:

"A Jafali amakhoma kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa."

Ndili m'madzi a sopomo, ndinamvetsa. Kabokosi kaja sikankasiyanitsa kuuwa ndi phokoso lina lililonse. Masabata onse aja galu anali atakhala chete, koma ankalangidwabe tsiku lonse chifukwa cha zidebe za eni, ine ndili pabawo kudzitama.

Alangizi a ziweto anabwera, anatsuka mabala a Chitedze, anamubaya jakisoni, n'kundiuza mawu amene sindingawalembe pano. Lamba ndinamuponya m'chimbudzi. Chitedze anapola, koma mawu ake sanabwerere, ndipo ndikatuluka m'nyumba ankazembera kuseri. Chakudya ankalandira kwa mkazi wanga yekha. Tsiku lina anatsatira wogulitsa matemba wina, osabwereranso.

Nthawi yokolola ndinapita ku Chilwa kukagula mpunga. Ndikudutsa pamsasa wina wa asodzi, ndinamva kuuwa kumene ndinakuzindikira nthawi yomweyo. Anali atanenepa, pakhosi pali madazi awiri. Ndinamuitana dzina lake. Anandiuwa mwaukali mpaka mwini msasa anatuluka, nandifunsa ngati galuyo ndikumudziwa. Anati galuyo anabwera yekha, ndipo sakudziwa kuti ndi munthu wamtundu wanji amene anamuchita zapakhosizo.

Ndinati ayi, ndangomufananiza ndi wina.

Ndinatsanzika n'kumapita, iye akuuwabe kumbuyo kwanga. Masiku ano chinthu chimene sindinachiyese pakhungu langa sindichiveka ngakhale mbuzi. Koma kwa msodzi uja sindinabwerereko kukanena zoona, ndipo mpunga ndimagula pamsika.