Sabata Imene Ndinatsekera Kaboni M'kabati

Lolemba, 11 Febuluwale 2008

Bwana wa fakitale andiitana mu ofesi mwawo. Ine, kalaliki wa zotumiza tiyi, wogwirizira chabe chaka chachitatu tsopano. Wogwirizira! Mawu amenewa andikwana.

Andipatsa kalata yochokera kwa amene amatigula tiyi kutsidya kwa nyanja. Akuti aliyense wowatumizira katundu achepetse kaboni pa kayendedwe ka katunduyo, kuyambira pafakitale mpaka padoko. Lachisanu akutumiza mayi wina kudzaona ndi maso.

Bwana akuti: "Konzani zimenezi, a kalaliki. Mlendoyo akasangalala, za udindo wanu zija timaliza."



Kaboni ndimamudziwa ine, zala zanga zinachita kusanduka zabuluu. Lole iliyonse yopita ku Limbe imafuna mapepala anayi: loyera la kosungira katundu, lapinki la dalaivala, lachikasu la apageti, lobiriwira lotsala m'buku. Pakati pake timaika mapepala a kaboni atatu. Malole atatu patsiku. Ndiye akunjawo alekerenji kudandaula?

Dongosolo langa:
Kutolera kaboni yense m'maofesi.
Kumutsekera m'kabati, kiyi m'thumba mwanga.
Pepala lililonse kulemba pamanja, kanayi.

Iwo akuti tichepetse. Ine ndithetseratu. Bwana asayina dongosololi ali pafoni, osawerenga.

Lachiwiri, 12 Febuluwale

Palibe ndi kachidutswa komwe ka kaboni kagwira ntchito lero!

Kungoti zimene ndimalemba mphindi khumi zanditengera ola lathunthu. Mtundu wa tiyi, nambala za matumba, kulemera kwake. Kanayi.

Alamu anga a Mulipa, oyendetsa lole yaikulu, aima pazenera kuyambira m'mawa, injini ikulira, utsi uli tolotolo kulowa mu ofesi. "Alamu, kodi mwayamba kukopera Baibulo?" Ndawauza kuti azimitse chinthu chawocho, ndikutsokomola, ndili pa ntchito ya maiko akunja. Za utsi akaonane ndi makaniko.

Nthawi yatha, ndiye anyamuka malole awiri okha. Katundu wa yachitatu tamugawa momwemo. Malo analimo, poti masiku onse amapita theka theka, aliyense kuthamangira kunyamuka msanga.

Mayi a kunyumba aona chala chotupa. Iwo amaphunzitsa sitandade seveni, ndiye chilichonse amafuna achonge. "Tandionetsani kalatayo." Ndakana. Za maiko akunja si za sitandade seveni.

Lachitatu, 13 Febuluwale

Zayamba kupotoka.

Pepala loyera likuti matumba 140. Lachikasu likuti 104. Onse awiri ndalemba ndine. Apageti akana kutsegula: "Ife timatsata zolembedwa, bwana kalaliki." Tatsitsa matumba onse, kuwerenga, kukwezanso. Tili mkati, mvula! Kuthamanga ndi lona kukaphimba matumba, anthu akutukwana chapansipansi, ena m'Chilomwe, kuiwala kuti ndimamva. Matumba ndi 140.

Mayi otayipa makalata asiya kundipatsa moni. Masana ndawapezerera ndi kaboni mmodzi, anamubisa m'buku la nyimbo za kutchalitchi. Ndalanda. Andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Mudzalapa."

Zowawa lero: chala, mkono, khosi, msana.
Zokoma: zala zanga zayera koyamba m'zaka zitatu. Kalata ya udindo ndidzailandira ndi manja oyera.

Malole awirinso.

Lachinayi, 14 Febuluwale

Dzanja lakana. Cholembera ndikuchigwira ngati mpini wa khasu. Ndayesa lamanzere, zotuluka zake ngati papalasa nkhuku.

A Mulipa atopa nane. "Alamu, lembani za lole imodzi basi. Zonse tithira mwanga." Athiradi, lole yadzaza mpaka kukamwa. Akuti pobwera atengeretu matumba atsopano amene timafuna kutumizira lole ina mawa, asadzayendenso kawiri chifukwa cha misala yanga. Ndawayankha kuti pantchito pano palibe chilamu.

Ulendo umodzi tsiku lonse. Malole awiri angokhala pabwalo, madalaivala ake akusewera bawo pansi pa bulugamu.

Ndili ndi mantha. Mlendo akadzaona malole atangoima, adzati kuno kuli aulesi, n'kukagula tiyi kwina, ine n'kufa ndili wogwirizira. Ndawapempha madalaivala awiriwo kuti mawa azingozungulira pabwalo, injini zizimveka, tioneke otanganidwa. Avomera msanga kwambiri. Sindinakonde mmene anayang'anirana.

Ndajambula tchati pa katoni. Sabata yatha, kaboni wambirimbiri. Sabata ino, ziro.

Lachisanu, 15 Febuluwale

Jekete, tayi, dzanja m'bandeji.

Mlendo wafika. Mayi wamfupi, nsapato zamatope, Chichewa chake "zikomo" yekha. Watsika galimoto n'kulowa mu utsi wa malole awiri opanda kanthu akuzungulira bwalo. Watseka mphuno ndi mpango.

Mu ofesi ndaonetsa tchati. Kenako ndatulutsa kiyi, ndatsegula kabati. "Kaboni yense ali muno, madamu. Sanatuluke ndi mmodzi yemwe."



Mlendo wayang'ana mapepala, wayang'ana bandeji. Kenako kuseka! Kuseka mpaka kukhala pa thumba la tiyi, misozi ili mbwee. Bwana akuyang'ana kudenga ngati kwalembedwa kanthu.

Kaboni wawo ndi utsi! Mpweya wotuluka m'malole, m'sitima zapamadzi, m'ng'anjo youmitsira tiyi. Akuti umaunjikana kumwambaku n'kumatenthetsa dziko, mvula n'kumasokonekera. Utsi womwewo umene ndinautumiza kwa makaniko Lachiwiri. Pansi pakanang'ambika ndikanalowa ndi tayi yemwe. Ndathamanga panja kukazimitsa malole, madalaivala akugwa ndi phwete.

Pobwerera ndapeza mlendo akuwerenga buku la apageti. Lolemba maulendo atatu, Lachiwiri awiri, Lachitatu awiri, dzulo umodzi, wobwera ndi katundu. Tiyi yense anafika. Kuseka kwatha. Akuti izi ndiye zimene akufuna, ndipo wafunsa kuti anaziganiza ndani.

Ndisanatsegule pakamwa, a Mulipa pazenera: "Ndi alamuwa. Mutu umagwira umenewu."

Mulungu awadalitse, ndi bodza lawo lomwe.

Loweruka, 16 Febuluwale

Sabata. Ndimati ndikapume pamaso pa Mulungu, koma nkhani yandipitirira kale. Mkulu wa mpingo pakhomo, akundigwira dzanja lotupa lomwelo: "Sabata labwino, a Kaboni." Mayi otayipa ali mu kwaya, akuimba mokweza kuposa onse, maso ali pa ine.

Titaweruka ndawapatsa mayi a kunyumba kalata ija. Awerenga mizere itatu yokha. "Bambo, izi timaphunzitsa ana." Ndayembekezera kuti aseke. Sanaseke, angoti safunsa anadya phula, n'kuyamba kundithowa dzanja ndi madzi otentha. Zimenezo zandipweteka kuposa kuseka kwa mlendo.

Ndawaulula kuti nzeru ya lole imodzi inali ya achimwene awo. Akuti akudziwa, anawauza kale.

Lamulungu, 17 Febuluwale

Nyengo ino masamba ndi ambiri, fakitale siima. Ndapita m'mawa. Ndabweza kaboni yense kwa eni ake, ofesi ndi ofesi, kupepesa paliponse. Mayi otayipa awerenga wawo pamaso panga.

Ndalowa kwa bwana. Ndayamba ndi kunena zoona za a Mulipa, poti bodza la Lachisanu limandilemera. Agwedeza mutu. Kenako ndafunsa za udindo.

"Munandichititsa manyazi, a kalaliki. Komanso mlendo wapita wokondwa, akuti oda ya chaka chino ilipo. Ziwirizi zafafanizana. Tiona."

Tiona. Basi.

Ndakhumudwa, sindibisa. Ndinali nditauza kale anthu awiri ku Masambanjati kuti mwezi uno ndikhala kalaliki weniweni. Dzina latsopano ndilo ndapata, ndipo ndikudziwa kuti la a Kaboni ndidzapita nalo kumanda.

Koma bwana andipatsa ntchito ina. Ine ndi a Mulipa tikonze ndondomeko ya maulendo: lole isamanyamuke theka, isamabwere yopanda kanthu, injini isamalire poyembekezera mapepala. Akuti tifunsenso a esiteti yoyandikana nafe ngati tingamaphatikize katundu wopita ku Limbe. Ndapempha kuti andilembere zonsezi m'Chichewa. Madzulo ndikaonetsa aphunzitsi a sitandade seveni ndisanagwire chilichonse.

Ndikadali wogwirizira, chaka chachinayi chikubwera apo. Koma mawa palibe lole ituluke pageti isanadzaze, ndipo wonena kuti yadzaza ndine.