Chuma Chamasiye cha Virgil Stancil

Pamsasa wa ndege zankhondo za Amereka ku Port Moresby panalibe munthu amene anamwalira kambirimbiri ngati Virgil Stancil. Mkulu ameneyu, wa ku Arkansas, ankagwira mfuti ya kumchira kwa ndege yoponya mabomba, ndipo tsiku louluka likakwana ankayamba wagawa kaye chuma chake chamasiye.

"Lero lokha sindibwerako," ankatero akuzungulira matenti. "Iwe Dutch, tenga lumo ili. Ramirez, masokosi ndi ako, koma uyambe wachapa."

Elwood Tackett, makaniko wa ndegeyo, nthawi zonse ankalandira nsapato zovinira, chonsecho sizinkamulowa n'chala chomwe.

Ndege ikangotera, Virgil ankatsika akukalipa. "Afiti inu! Ndisanazizire n'komwe mwayamba kale kumetera lumo langa?" Tsiku lina anapeza Dutch, mnzake wa tenti imodzi, atakombeza chitini cha mapichesi chimene anamusiyira. Anamupirikitsa msasa wonse ndi sipanala.

"Unandipatsa wekha!" anakuwa Dutch atabisala kumbuyo kwa m'busa wa asilikali.

"Ndinakupatsa ndili wakufa! Pano ndadzuka, sanza!"

Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti. Elwood yekha, amene ankamutsekera kachitseko ka kumchira, ndiye ankaona mmene Virgil ankalepherera kumanga lamba chifukwa cha mantha.

M'mawa wina mu 1943 ndege zisanu ndi zinayi, kuphatikizapo ya Virgil, zinanyamuka kukaponya mabomba kwa adani ku Rabaul. Dzuwa litapendeka, Elwood anaima m'mphepete mwa bwalo, dzanja lili pachipumi. Yoyamba inatera bwino. Yachiwiri inabwera ikufuka utsi. Yachisanu ndi chitatu inakhuluzika ndi mimba, matayala atakana kutsika. Kenako kumwamba kunangoti zii.

"Mafuta awo angawafikitse nthawi yanji?" anafunsa Dutch.

"Takhala chete."

"Elwood, ndikufunsa bwinobwino."

"Atha kalekale! Takhala chete, iwe!"

Woyendetsa ndege ina anati anaona ndege ya Virgil ikulowa mumtambo, injini imodzi ikuyaka. Kutuluka kwake sanakuone. Elwood anakhalabe pomwepo mpaka anzake anachita kumukoka.

Patapita masiku atatu kunabwera mkulu wa asilikali ndi bokosi, kudzatolera katundu woti atumize kwa mayi ake a Virgil. Pansi pa bedi anangopeza supuni ndi chipewa chong'ambika.

"Katundu wake ali kuti?"

Aliyense anayang'ana pansi.

"Tackett, ndamva kuti nsapato zake zili kwa iwe."

"Anandisungitsa, bwana. Kodi papepala lanulo mwalemba kuti wafa?"

"Ndalemba kuti wasowa."

"Nanga mwiniwake akatulukira, ine ndidzamuyankha chiyani?"

Mkuluyo anawayang'ana mmodzimmodzi, n'kutseka bokosi lake lopepukalo.

Ndege ija sinapezeke, ngakhale kachidutswa. Kuyambira pamenepo m'mawa wa pamsasapo unkalemera. Amuna ankakwera ndege mwakachetechete, aliyense ndi mantha ake, poti amene ankawaopera mokuwa kuti iwo aziseka kunalibenso. Pabedi la Virgil panabwera msilikali wina wa ku Ohio, waulemu, wosayankhulayankhula. Elwood anatha mwezi wathunthu asanamufunse dzina.